Woyera wa pa Shelefu ya a Yamandú

Ine ndine Ruben Silveira, kalipentala wa kuno ku Florida, ndipo ntchito imene inandidanitsa ndi amayi a msewu wathunthu ndinaigwira bwino kwambiri.

Anandiitana ndi mayi Nélida, akazi awo a Yamandú Pereira, bambo amene ankayendetsa basi ya ku Montevideo asanapume pa ntchito. M'chipinda chawo chochezera muli malo osonkhapo moto, a njerwa zofiira, ndipo uku ndi uku kwa chumuni kunali mashelefu okhomerera kukhoma. Anakhoma okha a Yamandú chaka chimene anakwatira. Matabwa anali atada bii ndi utsi, ena atafumbwa, misomali itasuzumira paliponse.

"Onsewa muchotse," anatero mayi Nélida. "Ndikufuna oyera, owongoka, okhala ndi tizitseko m'munsimu."

"Alakwa chiyani amenewa?" anafunsa a Yamandú ali pampando, chikho cha yerba, tiyi wathu wa kuno, m'manja, fulasiki m'khwapa. "Zaka makumi atatu, inagwapo ndi imodzi yomwe?"

Ndinaika levulo pa thabwa lapamwamba kuti ndione ngati ndi lowongoka. Kathovu kanathawira kumapeto osacheuka.

"Akulu, munkakhoma muli m'basi ikuyenda kodi?"

"Levulo yanuyo ndi imene yaledzera."

Pa thabwa limenelo pankakhala kachifanizo ka San Cono, ka dothi, kotalika ngati botolo la vinyo. Mbiri yake ndinali nditaimva kale. Ankati Woyerayo amayenda. Mukamuika kumapeto kwa shelefu Loweruka, pofika Lachisanu mumupeza atasendera kuchumuni. Lachisanu lililonse masana amayi angapo ankasonkhana m'nyumbamo ndi mikate yokazinga, mayi Ofelia a pa golosale n'kuyeza ndi tepi ya telala masentimita amene wayenda, onse n'kukabetchera nambala imeneyo pa kiniyela, lotale ya kuno. Kawiri konse inatulukadi. Ine ndinkadziwa kuti omuyendetsa ndi malole onyamula bulugamu, amene akamadutsa nyumba yonse imanjenjemera, koma palibe anandifunsa.

Ndinagwira masiku anayi, a Yamandú ali pambuyo panga, kundipumira m'khosi.

"Pamenepo pakufunika msomali."

"Masiku ano timamanga ndi masikuluwu, akulu."

"N'chifukwa chake dziko lafika pamenepa."

Nditamaliza, mashelefu anali mbee, owongoka moti dzira ukanaliika pakati likanagona pomwepo. Mayi Nélida anapukuta misozi ndi epuloni, n'kumubwezera Woyerayo pamwamba.

Patatha masabata atatu ndinalowa m'golosale kukagula buledi.

"Watha," anatero mayi Ofelia, buledi ali mulu kumbuyo kwawo.

"Nanga uyo?"

"Ameneyo ndi wa anthu oopa Mulungu. Inu mwatilumalitsira Woyera wathu. Masabata atatu ali chilili ngati wapolisi! Munamuchita chiyani?"

"Ndinangowongola thabwa, mayi."

"Kawongoleni moyo wanu."

Tsiku lomwelo mayi Nélida anabwera ku shedi yanga, akuyankhula motsitsa mawu.

"A Ruben, ntchito yanu ndi yokongola, sindikukana. Koma anzanga aja asiya kubwera. Lachisanu lonse ndimakhala ndi a Yamandú, awiriwiri. Mukudziwa kuti amakamba za chiyani? Za magiya a basi. Mungolipendeketsa pang'ono thabwalo, pang'ono basi."

Ndinakana. Kuno anthu akaona shelefu yopendekeka amafunsa amene anakhoma, ndipo ine ndili ndi dzina loti ndilisunge.

A Yamandú atamva kuti ndakana, akuti anavina m'khitchini. Anatenga hamala yawo yakale, anazula masikuluwu anga, natsitsa mbali ya kuchumuni ndi diso lokha, n'kukhoma misomali isanu ndi umodzi. Kenako anayenda khomo ndi khomo kulengeza kuti Woyera wachira.

Zimene zinachitika Lachisanu ndinazimva kwa anthu anayi, ndipo onse ananena zofanana. Amayi anadzaza chipinda, moto ukuyaka, chikho chikuzungulira. Kunja kunadutsa lole yodzaza ndi mitengo. San Cono anagwedezeka, anasuntha pang'ono, amayi n'kuyamba kupemphera. Kenako ananyamuka ndi liwiro, anadutsa chithunzi cha ukwati, anakankha wotchi, anawomba chumuni, n'kugwera chamutu pa njerwa kutsogolo kwa moto. Phwa! Mutu unagubuduka mpaka pansi pa mpando wa mayi Ofelia.

Mayi Ofelia anaimirira, anatulutsa tepi, nayeza thabwa lonse.

"Makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri," anatero. Onse anathamanga kukabetcha. Inatuluka khumi ndi ziwiri.

M'mawa mwake a Yamandú anafika kwa ine ndi kathumba ka pulasitiki, Woyera ali zidutswa zitatu.

"Penti yanu ija ndi yoterera kwambiri," anatero osandiyang'ana.

"Khalani pansi, akulu. Madzi ndi otentha."

Tinamwa yerba. Thabwa ndinakaliwongolanso tsiku lomwelo, iwo atandigwirira levulo. Koma mayi Nélida anali atakhala pakona, manja pamiyendo, akuyang'ana pawindo, ndipo ndinawamvera chisoni.

Nkhope ya Woyerayo inali itang'ambika kuchokera pa diso lamanzere kutsikira m'tsaya. Guluu wabwino ndili naye, wosaopa moto. Ndinamusiya m'kabati, n'kutenga wina wotchipa amene amafewa akamva kutentha, n'kumata naye Woyerayo, ndipo sindinamuumire.

Chiyambire mwezi wa Juni, moto ukangokolera, San Cono amatulutsa kadontho kamodzi ngati msozi pansi pa diso. Amayi tsopano amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ena ochokera ku Sarandí Grande pa basi. Mayi Nélida anandiitanitsa mabenchi awiri, chifukwa mipando sikukwana.