Kuseri kwa Fakitale ya Sopo

Mayi wina telala anabadwira mumzindawu, anakwatiwira momwemu, ana ake n'kuwalerera m'nyumba ya kuseri kwa shopu yake. Munthu akamufunsa njira ankayankha osaimitsa n'komwe makina. Koma womuposa anali mlamu wake, mng'ono wa malemu mwamuna wake, yemwe ankayendetsa takisi. Ameneyo ankati ngakhale mutamumanga nsalu kumaso akhoza kukufikitsani kulikonse pongomvera mabampu.

Loweruka lina m'mawa panali diresi la mkwatibwi loti likaperekedwe. Linachedwa chifukwa mwini wake anaonda ndi nkhawa za ukwati, ndiye panafunika kubweza m'chiuno. Telala analikulunga m'nsalu yoyera, n'kukhala nalo kumpando wakumbuyo atalifukata ngati khanda.

"Alamu, lero musandionetse luso. Mungondifikitsa basi."

"Mtima m'malo, alamu. Ine ndine nkhalakale muno."

Atafika pamlatho anapeza migolo itandandalikidwa pamsewu, anthu akukumba. Mlamu sanafunse munthu. Anangokhotera kumanzere, n'kulowa kanjira kotsata khoma la fakitale yakale ya sopo.

Khoma limenelo telala ankaliona tsiku ndi tsiku ali pakhomo pa shopu yake, ndipo moyo wake wonse ankayesa kuti kuseri kwake kuli dambo. Anangoti kukamwa yasa! Kunali timisewu topapatiza, nyumba zosanja zokhala ndi zovala pamakonde, malo omatira matayala, kasukulu ka mkaka kopaka utoto wachikasu, ngakhalenso shopu ya ulusi ndi mabatani, zinthu zomwe iye ankakwerera basi kukagula kutali.

Mlamu anakhota, n'kukhotanso. Kolala ya malaya ake inayamba kunyowa.

"Geti lobiriwira ili talidutsa kale," anatero telala.

"Mageti obiriwira ndi ambiri, alamu."

"Onse okhala ndi galu wothyoka khutu yemweyu?"

Mlamu anakhotanso kwina.

"Nanga foni yanuyo ilibe mapu?"

"Ndinafufuta. Ndinkati andiphunzitsa chiyani."

"Safunsa anadya phula, alamu. Imani tifunse."

Mlamu sanachite kuima mwakufuna kwake, msewuwo ndi umene unathera pakhoma. Nthawi yomweyo foni ya telala inalira: mayi a mkwatibwi, ati mwana wakhala pabedi ndi zamkati zokha ndipo galimoto zafika kale. Telala anawauza kuti ali pafupi, koma mumtima akudziwa kuti pamene alipo sakupadziwa. Manyazi anamugwira. Kusochera munthu uli ndi imvi, denga la shopu yako ukuliona apo!

Anatsika ndi diresi lake n'kupita pageti lomwe linali lotsegula. M'katimo mayi wina wamsinkhu wake ankathirira mbande za maluwa m'zitini.

"Odi, mayi! Pepani, tasochera. Tikufuna nyumba zili kuseri kwa sitediyamu."

Mayiyo anacheuka. Anatula pansi ndowa, n'kumuyang'anitsitsa telala kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kamphepo?"

Dzina limenelo telala analimva komaliza ali kupulayimale, masiku amene ankasiya anyamata kumbuyo pa mpikisano wothamanga. Anayang'ana dzanja lomwe linatula ndowa lija.

"Wamanzere! Ndiwe?"

Ankakhala desiki imodzi, zigongono zikugundana polemba, mpaka bambo a mnzakeyo atasamutsidwa pantchito. Anakumbatirana cham'mbali kuopa kukwinya diresi.

"Ine ndinkati uli kutali!"

"Kutali kuti? Ndili pano chikwatiwire."

"Ine ndili kuseri kwa khoma ili!"

"Usandiuze kuti makina amene ndimawamva mphepo ikatembenuka ndi ako. Ndakhala ndikumutukwana telala ameneyo masana ndikafuna kugona!"

Anaseka mpaka misozi. Mlamu anasuzumira pageti n'kukhosomola. "Alamu, ukwati."

Wamanzere atamva nkhani yonse anapukuta manja pamalaya. "Galimoto siidutsa, achimwene. Dikirani pompano. Iwe, tiye."

Anadutsa m'khichini mwake, kutulukira khomo lakuseri, kulowa kampata kamene munthu wonenepa angadutse chammbali, kutsika masitepe, n'kuwoloka kamlatho ka matabwa. Telala ananyamula diresi pamwamba, mawondo akudandaula, koma sanaime. Atangotulukira pamsewu waukulu anaona galimoto zomangidwa maliboni. Nyumbayo inali patsidya pomwepo.

Diresi linamukhala mkwatibwi ngati anabadwa nalo. Mayi a mkwatibwi analira, n'kuwakakamiza onse awiri kuti akhale nawo paukwati, koma telala anati ali ndi mlamu amene wamusiya pakhoma.

Pobwerera sanafulumire. Anauzana za ana, za amuna, za anzawo amene anatsogola. Atawoloka kamlatho kaja, telala anaona kanjira kena kolowera kumanja, kodutsa pansi pa mitengo ikuluikulu. Chakumapeto kwake kunkamveka anthu akuyeserera nyimbo.

"Nanga aka kamapita kuti?"

Wamanzere anaima, manja m'chiuno. "Ukudziwa, zaka zonsezi ndimangokadutsa. Sindinalowemo."

"Ndiye iwenso ndiwe mlendo."

"Nanga alamu ako?"

"Asiye. Akufunsa galu uja njira."

Wamanzere anamugwira mnzake pamkono, ndipo analowa m'kanjirako.