Padi ya Nkhulambe

Kuseri kwa msika wa pa Phalombe Boma, pakati pa chigayo ndi kanyumba ka ometa tsitsi, panali chisakasa cha a Dyson. M'chaka cha 2006 chisakasachi chinali ndi tivi imodzi, makina a gemu amene mlamu wawo anawatumizira kuchokera ku Joni, mabenchi atatu, ndi mapadi awiri ogwira posewera. Padi imodzi inali yabwino. Inayo inali yomangidwa ndi legeni chifukwa timasikuluu take tinatayika kalekale, ndipo batani lake lomenyera mpira linali lotha. Ukalidina, kamunthu ka pa tivi kaja kankayamba kaganiza kaye za kwawo, n'kudzamenya mpira mdani atautenga kale. Anyamata anaipatsa dzina loti Nkhulambe, dzina la dera lina lakutali ndi pa Boma, ati chifukwa uthenga wake unkabwera wapansi kuchokera kutali.

Lamulo la m'chisakasamo linali limodzi. Wopambana sachoka pampando, ndipo padi yabwino ndi yake. Wobwera kudzalimbana naye azigwira Nkhulambe, akagonja azibwerera kumapeto kwa benchi kukadikiranso. Amene anayambitsa lamuloli sadziwika, koma amene ankadyerapo ankadziwika. Anali Mcdonald, mnyamata wamtali wa Fomu 4, amene anakhala pampandowo kuyambira nyengo yokolola chimanga mpaka nandolo kuuma m'minda. Ankadzitcha dolo. Kunena zoona udolowo unali wa padi, koma zimenezo palibe ankazinena mokweza.

Rozaria anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali Fomu 2. Akaweruka kusukulu ankasenza beseni la chinangwa chophika cha mayi ake, a Zelifa, n'kumazungulira nacho mumsika. Tsiku lina analowa m'chisakasamo kukagulitsa, maso ake anagwera pa tivi, ndipo chinangwa chinazizira m'besenimo iye ali chiimire. Chimene chinamugwira mtima si mpira ayi. N'zoti munthu wakhala pabenchi ku Phalombe, wangogwedeza chala, ndipo kamunthu ka m'galasimo kamumvera. Kunyumba iye ankatumidwa ndi aliyense. Apa panali anthu khumi ndi mmodzi oti iye n'kuwatuma.

A Dyson anali munthu wokonda pakamwa pake, choncho anagwirizana kuti zidutswa ziwiri za chinangwa ndiye gemu imodzi. Rozaria ankaika beseni pakhomo, kukhala kumapeto kwa benchi, n'kumasuntha pang'onopang'ono mpaka nthawi yake ikwane. Nthawi zina magetsi ankathima iye atangogwira padi, n'kutuluka misozi ili m'maso, chinangwa chitadyedwa kale. Magetsi akakhalapo ankagwira Nkhulambe n'kugonja ngati wina aliyense. Poyamba ankamumwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri, anyamata n'kumagwa ndi phwete.

Kusiyana kwake kunali kwakuti anyamata ankatukwana Nkhulambe, pamene Rozaria ankaimvetsera. Anazindikira kuti padiyo sinama, imangochedwa, ndipo kuchedwa kwake ndi kumodzimodzi tsiku lililonse. Ukalidina batani msanga, mwamphamvu, mpira usanafike n'komwe paphazi, kamunthu kaja kankamenya pa nthawi yake yeniyeni. Ndiye kuti unkayenera kudziwa kumene mpira ukupita usanapiteko. Kunyumba anatola patapata wakutha, anakhomapo zitsekerero za mabotolo, n'kumadina akudikira madzi pamjigo. A Zelifa atamuona anapukusa mutu.

“Ana a anzanga akuphunzira kuluka, wanga akusisita patapata. Iwe, mutu ukuyenda bwino?”

“Ukuyenda bwino, amayi. Tsiku lina ndidzapita ku Blantyre kukaphunzira mmene amawalowetsera anthu aja m'makina.”

“Uyambe walowetsa nkhuku m'khola,” anatero a Zelifa.

Zigoli zinayamba kuchepa. Zisanu, zitatu, ziwiri. Lachitatu lina Mcdonald anapambana ndi chigoli chimodzi chokha, nachonso cha penate, ndipo anatsika pampando kukamwa madzi malaya atamata kumsana. Mawa lake Rozaria atafika, a Dyson anamuchingamira panja.

“Mwanawe, tamvera,” anatero akukanda m'mutu. “Anyamatawa akuti mukakhala mtsikana samasuka. Akuti ukapitiriza kubwera asamukira kwa a Goliati kumene kuli mafilimu. Azimayi akutchalitchi nawonso ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Loweruka likhale lomaliza.”

Rozaria anadziwa bwino lomwe kuti amene sankamasukayo anali mmodzi, ndipo chinkamumanga si siketi ayi. Anatula beseni pansi.

“A Dyson, lamulo la muno limati chiyani?”

“Wopambana sachoka pampando.”

“Ndiye Loweruka ndikamugonjetsa Mcdonald mudzandichotsa bwanji?”

A Dyson anakandanso m'mutu. Mcdonald, amene ankamvetsera ali pakhomo, anaseka kuti anzake amve.

“Musiyeni, madala. Akandiwina akhale mpaka adzakwatiwe. Akaluza, beseni lakelo tisadzalionenso pano.”

“Mwamva nonse,” anatero Rozaria, nasenza beseni lake.

Tsono a Dyson sanali munthu woipa. Anali wamantha chabe, ndipo munthu wamantha wa mtima wabwino amatha kukupweteka kuposa mdani. Nkhaniyi inawasautsa. Chinangwa cha mwanayo anali atadya miyezi yambiri, lero akumupirikitsa. Lachisanu anatenga Nkhulambe kupita nayo kwa a Sitima okonza mawailesi, osauza munthu. A Sitima anamasula legeni, anadula kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, anakamata pansi pa batani lotha lija, n'kumanganso legeni mmene linalili. A Dyson anabwerera akumwetulira okha, poganiza kuti mwanayo achoke atasewerako kamodzi ndi padi yamoyo.

Loweruka masana chisakasa chinadzaza. Ena anasiya njinga zawo zonyamula anthu pa siteji, ometa tsitsi anabwera ndi sizasi m'manja, ana anasuzumira m'ming'alu ya mphasa. Rozaria anaika beseni pakhomo monga mwa masiku onse, mpeni wodulira chinangwa uli pamwamba, nakhala pampando. Mcdonald anatenga ofiira, iye anatenga oyera.

Mpira utangoyamba, Rozaria anaona mpata, anadina msanga monga ankachitira, ndipo kamunthu kake kanamenya nthawi yomweyo. Mpira unapita pamene mnzake anali asanafike. Anayesanso, zomwezo. Atafika pafupi ndi golo anadina mwamphamvu, mpira unauluka ngati ukupita pamwamba pa phiri la Michesi. Anyamata anaseka. Mcdonald anagoletsa choyamba, posakhalitsa chachiwiri.

“Manthatu awa,” wina anatero kumbuyo. “Zala zikunjenjemera.”

Zala sizinkanjenjemera. Rozaria anachita mantha pang'ono, inde, koma chimene chinamukulira chinali kudabwa. Miyezi yonseyi Nkhulambe inali isanamunamizepo. Anadina batani mopepuka, kamunthu kanamvera pompo. Anatembenuka kuyang'ana a Dyson, nawapeza akumutsinzinira diso monyadira, ngati munthu amene wakubisira ndiwo pansi pa mbale. Apo ndi pamene anamvetsa, ndipo anakwiya kwambiri.

Chigawo choyamba chitatha, gemu inaima kudikira kuti wina adine. Rozaria anaika padi pamiyendo.

“A Dyson, Nkhulambe mwaitani?”

“Ndakukonzera, mwanawe,” anayankha mokweza kuti onse amve ubwino wawo. “A Sitima aikamo kapepala. Pano ikumvera ngati yatsopano.”

“Ndani anakutumani?”

Mwana wamkazi safunsa munthu wamkulu funso lotero, ndipo Rozaria ankadziwa. Anadzuka, anakatenga mpeni pabeseni paja, nabwerera pampando. Amene anali pafupi anafutukuka. Iye anamasula mfundo ya legeni, anatsegula padi ngati akusenda chinangwa, anapeza kapepala konyezimira kaja, nakatokosa ndi nsonga ya mpeni mpaka kanamatuka. Anakaika m'dzanja la a Dyson.

“Iwe, ukuononga katundu wanga,” anatero a Dyson.

“Pepani, bambo. Ndikuibweza mmene inalili. Miyezi isanu ndi umodzi mwakhala mukundipatsa padi yakufa, palibe anamva chisoni. Ndaiphunzira ndekha, lero ndiye mukuti mundithandize? Ndipatseni yanga yomwe ija.”

Anamanga legeni, kulikoka ndi mano. Mcdonald anayesa kuseka koma kuseka kwake kunatulukira m'mphuno.

“Ndiye ukufuna yowonongeka? Zako izo, sisi.”

“Dina tiyambe,” anatero Rozaria.

Chigawo chachiwiri Nkhulambe inabwerera pa ulesi wake, ndipo zala za Rozaria zinafika kwawo. Sankayang'ananso mpira. Ankayang'ana pamene mpira ukafike. Mcdonald anali ndi chizolowezi chimodzi chimene padi yabwino inamubisira nthawi yonseyi: akapanikizika ankathawira kumanzere. Rozaria anali atamuonera ali kumapeto kwa benchi masiku osawerengeka, ndipo ankadina Mcdonald asanaganize n'komwe zokhota. Anamulanda mpira, anapatsira kawiri, chigoli. Ometa tsitsi analiza sizasi m'mwamba. Mcdonald anasendeza mpando kufupi ndi tivi ngati vuto linali maso.

Chachiwiri chinalowa ndi mutu kuchokera pa kona. Apa m'chisakasamo munayamba phokoso lachilendo. Anyamata aja, amene aliyense wa iwo Nkhulambe inamuliza kangapo, anayamba kuiwala kuti anabwera kudzaona mtsikana akupirikitsidwa. Ankaona padi yawo yomwe ija, ya anthu ogonja, ikuluma mwini mpando.

“Nkhulambe yafika,” wina anatero chapansipansi, ndipo ena anabwereza.

Nthawi itatsala pang'ono, babu la padenga linaphethira. Magetsi akathima gemu imafafanizika, ndipo Rozaria ankadziwa kuti mwayi wina sadzamupatsa. Babu linaphethiranso, linafiira, kenako linawala. Mcdonald anali atayang'ana kumwamba, mwina akupempha kuti athime. Rozaria sanayang'ane. Wosewera wake anali akuthamanga yekha, mpira uli m'mwamba kubwera kumbuyo kwake. Anadina mpirawo usanatere, mwamphamvu mpaka chala chinawawa, ndipo anadikira. Kamunthu kaja kanaganiza za kwawo monga mwa nthawi zonse. Mpira unatera, phazi linafika, goloboyi anagwera kwina.

Gemu itatha palibe anadziwa chochita. Mcdonald anakhalabe pampando, padi yabwino ili m'manja, akuyang'ana zitatu kwa ziwiri pa tivi. A Dyson ndi amene anatsokomola.

“Lamulo ndi lamulo, Mcdonald. Pereka padi.”

Mcdonald anaiponya pamiyendo pa Rozaria n'kupita kumapeto kwa benchi, malo amene anali ataiwala kuuma kwake. Rozaria anaitenga padi yabwinoyo, anaitembenuza, anaona kusalala kwake. Miyezi yonse ija ankailota. Anaipereka kwa mnyamata amene anali woyamba pamzere.

“Gwira iyi. Ine ndili nayo yanga.”

Anagonjetsa ameneyo, ndi wotsatira, ndi winanso, aliyense atagwira padi yabwino. Wachinayi anali Gift, mnyamata wachete woyendetsa njinga, amene anali asanagwirepo padi yabwino chibadwire. Zinapezeka kuti Gift ankautha mpira kuposa onse m'chisakasamo, kungoti Nkhulambe inkamuphimba. Anamugonjetsa Rozaria ziwiri kwa chimodzi, mwachilungamo, ndipo Gift mwiniwakeyo anadabwa.

Pangano linali la Mcdonald, koma tsopano mtsikana uja wagonja, ndipo ena anayang'ana kukhomo kumene kunali beseni. A Dyson anayang'ana pansi, akupinda kapepala konyezimira kaja ndi zala. Rozaria anaimirira, anapereka Nkhulambe kwa wotsatira, napita pakhomo. Chinangwa chinali chitazizira, ndipo ankadziwa kuti kunyumba a Zelifa akamulankhulira mpaka makutu kuwawa. Anatola zidutswa ziwiri, anazipereka kwa a Dyson, nabwerera mkati.

Kumapeto kwa benchi kunali Mcdonald, atatambasula miyendo kuti pasakhale malo. Rozaria anaima patsogolo pake.

“Suntha,” anatero.

Mcdonald anayang'ana anzake. Onse maso anali pa tivi. Anabweza miyendo, ndipo Rozaria anakhala pansi kudikira nthawi yake.