Dzanja Lotsala pa Chithunzi

Sabata yonse ija msuweni wanga Ndaziona ankangodandaula phewa. Akati adule nsalu, phewa. Akati anyamule ndowa, phewa. Ine ndinamuuza kuti vuto ndi foni, poti munthu wake amagona nayo n'kudzuka nayo, ndipo sindikhulupirira ngati amaisiya popita kubafa. Iye anangonditukwana mwachisuweni n'kupitiriza kudinadina.

Ndaziona ndi telala mu Lilongwe muno, ndipo ndi iye anayambitsa gulu la pa Watsapu la banja lathu, la ana ndi adzukulu a malemu agogo a Zefaniya a ku Ntcheu. Ndisaname, gululo linatithandiza. Ife tinabalalika, ena ku Joni, ena ku Mzuzu, ena kumudzi, moti panali abale oti ndikanawadutsa pamsewu osawapatsa moni. Pagulupo tinayamba kudziwana. Wina akabereka tinkaona khanda tsiku lomwelo. Wina akaponya chithunzi chakale tinkaseka mpaka misozi, kukumbutsana za njinga ya agogo yopanda mabuleki ija, imene inasiya chipsera pa bondo la mdzukulu aliyense.

Agogo anamwalira mu Juni chaka chatha, ndipo Loweruka la sabata imeneyo tinali kukavundukula chiliza chawo. Zonse zinakonzedwa pagulu pomwepo. Ndaziona anatenga udindo wa malaya oti tonse tikavale, osindikizidwa nkhope ya agogo. Anasankha chithunzi cha ku Joni, agogo ali mnyamata wa kumigodi, atavala jekete ndi chipewa chopendekera, ataima ndi bambo wina amene anawakoleka dzanja paphewa. Bamboyo Ndaziona anamudula, ati malaya ndi a agogo athu, osati a anthu ongodutsa. Koma dzanja linakana kuchoka. Akati adule kwambiri, khutu la agogo linkapita nalo. Analisiya choncho, n'kunena kuti palibe angakayang'ane phewa.

Lachiwiri masana magetsi anazima, makina ake n'kuima. Dzuwa la Okutobala linali litakwiya, makasitomala kulibe. Anatseka chitseko cha shopu theka, n'kutsamira pamulu wa nsalu foni ili pachifuwa, tulo n'kumuba. Zotsatirazi anandiuza yekha tsiku lomwelo.

Akuti choyamba kunali zii. Phokoso la maminibasi, wailesi ya ometa tsitsi oyandikana naye, zonse zinazimira pamodzi. Kenako kunabwera fungo la girisi wa njinga losakanikirana ndi la dothi lonyowa la m'munda wa kachewere. Anapezeka ali pabwalo la agogo ku Ntcheu, nkhungu itakuta mapiri, kuzizira kukumulowa m'mapazi poti analibe nsapato. Agogo anali ataima pafupi ndi nkhokwe. Jekete inali ya pachithunzi ija, koma nkhope inali ya ukalamba, ija tinaiona komaliza.

Paphewa lawo lamanzere panali dzanja. Dzanja lokhalokha, lothera pamkono, lodulidwa mowongoka ngati ndi sizasi ya telala. Linali lamoyo, mitsempha ikuoneka, litagwira jekete zolimba. Zala zake zinali zinayi, chamkombaphala panalibe.

Ali moyo, agogo sankamutchula dzina Ndaziona. Ankamuitana kuti "mkazi wanga wamng'ono," monga amasewerera agogo ndi adzukulu awo. Koma apa panalibe zoseka.

"Ndaziona."

"Ine, agogo."

"Dzanjali n'la yani?"



"Ndidakutuma ine," anatero agogo, mawu ali pansipansi. "Mwini wake akali kuyang'ana kumsewu. Mwala wanuwo musandivundukulire iye asanamve."

Anangonena zokhazo. Anatembenuka n'kuyamba kulowa m'nkhungu pang'onopang'ono, dzanja lija likadali paphewa, mayendedwe awo ngati a anthu awiri amene akuweruka limodzi. Ndaziona anadzidzimuka magetsi atayaka, thukuta lili kamukamu, foni itagwera pansi.

Anandiimbira nthawi yomweyo. "Gelesomu, siya zimene ukuchitazo ubwere kuno." Sananditukwane, ndiye ndinadziwa kuti zavuta.

Nditafika anandifotokozera malotowo, kenako anaulula chimene chinali kumudya. Masiku atatu agogo asanamwalire, ali m'chipatala, anamugwira mkono n'kumuuza kuti, "Ndikapita, mukawauze a Sandalamu ku Dowa. Mukawauze pakamwa."

Dzinalo tonse tinkalidziwa. A Sandalamu anali mnzawo wa agogo wa kumigodi, amene anataya chala powakoka agogo tsiku limene mwala unagumuka pansi pamgodi. Chaka chilichonse akakumba kachewere, agogo ankakweza thumba limodzi pabasi kupita nalo ku Dowa, n'kubwerako ndi thumba la mtedza. Ife tinkangoti agogo apita kwa mnzawo. Mtedzawo tinkadya ndithu, koma palibe anafunsapo dzina la mudzi, ndipo nkhope ya mwini mtedza sitinkaidziwa.

"Nanga sunawauze?" ndinafunsa.

"Ndinalemba pagulu," anatero Ndaziona.

Tinayamba kubwerera m'mbuyo pafoni, kudutsa makanda, maukwati, mavesi a m'mawa a azakhali, mpaka tinafika pa tsiku la maliro. Uthenga wake unalipo: "Wina awadziwitse a Sandalamu a ku Dowa chonde." Pansi pake panali tizala ta pafoni tovomereza tija makumi awiri ndi titatu. Ndinayang'anitsitsa, ndipo kachala kanga kanali pomwepo, kachitatu kuchokera pamwamba. Ndinachita manyazi.

Ndaziona anafunsa pagulu ngati alipo amene anapita kapena kuimba. Gulu limene silisowa cholankhula linakhala duu kwa ola lathunthu. Kenako malume a ku Mzuzu analemba kuti iwo ankayesa apita ndi a kumudzi. A kumudzi anati ankayesa a m'tauni ali ndi nambala. Kafoni ka agogo, momwe mukanakhala nambalayo, kanasowa pa chipwirikiti cha maliro. Aliyense anaika chala n'kusamba m'manja, ndipo nkhalamba ina ku Dowa inatha chaka ndi miyezi inayi osadziwa kuti mnzake anaikidwa kale.

"Nanga ngati nawonso anamwalira?" anafunsa Ndaziona. "Ndikawauza chiyani agogo?"

Ndinangoti foni imene inatisokeretsa, yomweyo itilondolere. Ndaziona anatenga chithunzi chija chathunthu, chosadula, n'kuchiponya pa Fesibuku, pagulu la anthu a ku Dowa, n'kulemba kuti tikufuna bambo wa kumanjayo, dzina lawo a Sandalamu, anagwirako ntchito ku Joni, alibe chala chimodzi.

Lachitatu lonse kunangobwera a nthabwala. Ena ankasirira chipewa, ena ankafunsa ngati madalawo anasiya chuma. Ndaziona sanadye, ndipo makina sanawakhudze ngakhale magetsi analipo. Lachinayi m'mawa kunabwera uthenga wa mayi wina wogulitsa mbewu ku Madisi, a Nachisale: "Amenewo ndi apongozi anga. Alipo, ali moyo, maso okha ndi amene akuwavuta. Ndiwauze chiyani?"

Ndaziona anakhala pansi penipeni pasimenti n'kulira, kulira kwa munthu amene watula katundu. Atapukuta misozi anayankha kuti, "Musawauze kanthu mayi, tibwera tokha." M'moyo wanga wonse aka kanali koyamba kumuona msuweni wanga akukana kutumiza chinthu pafoni.

Tinanyamuka tsiku lomwelo. A Nachisale anatichingamira ku Madisi n'kutitsogolera kumudzi, ulendo wa fumbi pa njinga zamoto. Tikuyandikira anatilozera mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu. Pansi pake panali mpando, ndipo pampandopo nkhalamba yowonda, yovala chipewa, nkhope italoza kumene kumachokera galimoto.

"Chiyambire chaka chatha amafuna mpando uziikidwa pamenepo," anatero a Nachisale motsitsa mawu. "Tikawafunsa amangoti akuwothera mphepo."

Tinapereka moni. Ndaziona anagwada pafumbi, ine ndinanjuta pambali pake. Maso anga anapita pa dzanja limene linagwira ndodo, ndipo ndinawerenga zala zinayi.

"Agogo, ife ndife adzukulu a Zefaniya a ku Ntcheu," anayamba Ndaziona. "Tabwera ndi uthenga wochedwa. Mnzanu uja adatisiya chaka chatha, mwezi wa Juni."

A Sandalamu anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Adadwala?"

"Anadwala milungu iwiri, agogo."

"Adanditchula?"

"Anakutchulani. Anandituma ine kuti ndidzakuuzeni pakamwa, ine osabwera. Wolakwa ndine, agogo, mundikhululukire."

Mkuluyo anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Misozi inayenderera m'makwinya, koma pankhope panaoneka kupepukidwa kumene sindinakuyembekezere.

"Kani adangomwalira," anatero. "Ine ndimayesa wanditaya."

Mkuluyo anapitiriza.

"Imfa n'ja tonse, mwana wanga, imeneyo sindiiopa. Chimandidya ine n'choti kapena ndidamulakwira Zefaniya osadziwa. Ndakhala ndikufufuza mawu onse amene ndidamuyankhula ulendo womaliza, kusaka pamene ndidaphonya. Ndimati ndifa mnzanga atandikwiyira." Anatambasula dzanja lija n'kufufuza mutu wa Ndaziona mpaka anaupeza. "Dzuka. Wachedwa, koma wandipeza ndikupuma."

Kenako anauza mpongozi wawo kuti atilowetse m'nyumba tikaone. Pakona panali matumba awiri a mtedza, la chaka chatha ndi la chaka chino, osokedwa bwinobwino. Anali atakaniza aliyense kuwakhudza, ngakhale nthawi imene pakhomo panavuta ndiwo.

Loweruka a Sandalamu anali nafe ku Ntcheu, iwo ndi matumba awo. Abale amene ankangodziwana ndi tizithunzi ta pafoni anakumbatirana, ndipo aliyense ankabwera kudzagwada pamaso pa mkuluyo mwamanyazi, poti nkhani ya tizala inali itafika ponseponse. Malaya aja tinavala omwewo, nthawi yosindikiza ena panalibe. Ndaziona anaona kuti n'kwabwino aulule yekha, ndipo anawauza kuti pachithunzi cha pamalayapo iwo anadulidwa, panangotsala dzanja.

A Sandalamu anaseka mpaka kutsokomola. "Ku Joni adandidula chala n'kundisiyira thupi. Inu mwandidula thupi n'kundisiyira dzanja! Basi, bola lili pamalo pake."

Itakwana nthawi, malume ananena kuti nsalu yophimba chiliza achotse ndi a Sandalamu, ndipo palibe anatsutsa. Ndaziona anawagwira mkono n'kuwafikitsa pamanda. Anakoka nsaluyo pang'onopang'ono, kenako anapapasa mwalawo mpaka anafika pamwamba, chakumanzere, n'kusiya dzanja lawo pamenepo.

"Ndafika, Zefaniya," anatero. "Adandiuza mochedwa anawa, koma usawakwiyire. Mtedza wako ndabwera nawo."

Azimayi anayambitsa nyimbo motsitsa. Mafoni anali m'manja mwa anthu ambiri, koma kwa kanthawi ndithu palibe anakumbukira kujambula.

Pobwerera tinawakwezera thumba la kachewere, ndipo a Nachisale tinawalowetsa pagulu lathu kuti tizimva za mkuluyo. Pamwamba pa gululo Ndaziona anaikapo chithunzi chija chathunthu, anyamata awiri ndi zipewa zawo. Malume anakhazikitsa lamulo loti uthenga wa maliro ukalembedwa, pazitchulidwa dzina la munthu amene anyamuke ndi miyendo, ndipo akabwerako azinena kuti wafika.

M'minibasi yobwerera ku Lilongwe, Ndaziona anandipatsa foni yake kuti ndimusungire. Tisanafike ndi pa Dedza pomwe anali atagona, mutu uli pazenera, pakamwa pali yasa, tulo topanda maloto. Atadzuka ndinamufunsa kuti phewa likupweteka bwanji.

Analigwedeza uku ndi uku, n'kundiyang'ana modabwa.

"Phewa liti?"