Chikho cha Tiriza

Kwathu ku Lebona, mudzi wa Ayuda, Msamariya akapempha madzi timamupatsa ndithu, si ife zilombo. Koma akamwera m'chikho chadothi, chikhocho timachiswa. Tinazipeza choncho.

Tiriza, mkazi wa Yoezere, anabwera kuno akunena kuti ndi mwana wamasiye wa ku Galileya. Ine woyandikana naye nyumba ndinkadziwa kuti n'zabodza, poti ndinamuonapo akupemphera atayang'ana kuphiri la Asamariya la Gerizimu m'malo mwa ku Yerusalemu. Ndinangotseka pakamwa. Zikanadziwika, ukwati ukanathera pomwepo, khanda lake n'kutsala ndi apongozi ake, mayi Hulida, omwe maso awo saphonya kanthu.

Tsiku lina masana kunafika mayi wachikulire atasenza dengu la nkhuyu. Malankhulidwe okha ankachita kumvekeratu kuti ndi Msamariya. Nkhuyuzo sankazitsatsa n'komwe, maso anali pa khanda lija. Mphuno ya mayiyo ndi ya Tiriza inali imodzi, ndipo ine ndinazindikira pomwepo: anali mayi ake.

"Mwana wa eni, ndigawireko madzi," anatero mayiyo.

Tiriza anatuluka ndi chikho chake chofiira, chomwe anandiuzapo kuti anachiumba ndi mayi ake.

"Iwe, zikho zong'aluka zatha m'nyumbamo?" anakalipa mayi Hulida. "Wapereka chabwinocho? Basi, akamaliza uchiswe, ine ndikuona."

Mlendoyo anamwa pang'onopang'ono, chala chikusisita mlomo wa chikhocho, kenako anachibweza. Tiriza anangoima nacho njo. Ndinaona kuti mawu oti "amayi" atsala pang'ono kutuluka.

"Ukudikira chiyani? Ndi m'bale wako kodi?" anafunsa mayi Hulida.

Mlendo uja anatsomphola chikhocho n'kuchimenyetsa yekha pamwala, phwa!

"Mwambo wanu ndimaudziwa, amayi," anatero. "Musamukalipire mwanayu. Chikho chake n'chachabechabe, amene anachiumba sadziwa ntchito."

Mayi Hulida anaseka chikhakhali. "Koma Msamariya uyu! Nzeru zilimo ndithu."

Mlendoyo anasenza dengu lake, n'kuliyang'ananso khandalo kamodzi, osaligwira, n'kulowera njira ya kumpoto. Tiriza anauzidwa kuti asese, ndipo anasesa.

Ukwati ulipobe, mwana akuthamanga tsopano. Mayi uja sanadutsenso kuno. Yoezere anagula chikho china chokongola kuposa chija, koma mpaka lero Tiriza amamwera m'manja.