Bisiketi ya a Fitch

Kodi mungalote kuti munali mawu angati olankhula m'gawo la filimu limene linapulumutsa ntchito ya a Lemuel Fitch?

Ine ndinali wotayipa pa kampani ina ya mafilimu ku Hollywood m'chaka cha 1931. A Fitch anali atalemba nthabwala kumeneko zaka khumi ndi zisanu, kuyambira nthawi ya mafilimu opanda mawu. Mafilimu atayamba kulankhula, kunabwera alembi a ku New York, a malilime akuthwa, ndipo mkuluyo anasanduka mpando wakale.

"Madala, filimu masiku ano ili ndi pakamwa," ankawaseka motero Dexter, mmodzi wa alembiwo. "Inu bwanji osakaweta nkhuku?"

"Nkhuku zimandimva msanga kuposa iwe, mphwanga," ankayankha a Fitch.

Mwambo wathu unali wakuti filimu isanatuluke tinkaionetsa kaye kwa anthu wamba, wina n'kumawerenga kuti aseka kangati. Gawo la Dexter, pomwe mnyamata akupempha mbeta kwa bambo a mtsikana, linali masamba asanu ndi awiri a nthabwala. Titalionetsa, anthu anangokhosomola.

Bwana Rosenbach anaitanitsa a Fitch. "Lemuel, ndikupatsa mpaka Lachisanu. Ukonze gawoli. Akapanda kuseka, udzatole chipewa chako uzipita."

Lachinayi m'mawa a Fitch anandibweretsera tsamba limodzi. "Tayipa mosamala, mwanangu. Ndilibe lina."

Munali izi. Mnyamata ndi bambo aja akhala pampando umodzi, patsogolo pawo mbale yokhala ndi bisiketi imodzi. Onse atambasula dzanja, onse abweza. Bambo akankhira mbale kwa mlendo, maso ali pabisiketi. Mlendo aibweza mwaulemu, akumeza malovu. Kenaka mayi alowa, aona kuti palibe akuifuna, aidya ataimirira.

"Chimenechi n'chiyani, maliro?" anafunsa Dexter.

Kampani inajambula gawolo ndithu. Tsiku loonetsanso, a Fitch anakana kulowa m'holo; anakhala panja padzuwa, chipewa chili pabondo. Phokoso la kuseka linawapeza komweko. Wowerenga uja anatuluka akupukuta misozi, nati anasokonezeka atafika pa makumi awiri ndi zitatu.

A Fitch anagwira ntchito zaka zina zisanu ndi zinayi, ngakhale dzina lawo silinalembedwe pa filimuyo. Tsamba lija ndinalisunga. Mawu olankhula mulibemo ngakhale amodzi.