Tchimo Limene Kizito Sanachite

Kizito anali ndi khasu m'manja, koma mzere sunkapita patsogolo. Akalima pang'ono ankaima n'kuyang'ana kumudzi, n'kulimanso, n'kuimanso. Mtima wake unali kwa mkazi wake Jesinta, amene chitulukire m'chikuta ndi mwana wawo woyamba anali asanaone tulo. Ankangozungulira pabwalo khanda lili m'manja, kulankhula yekha, kuseka popanda choseketsa, kenako kulira. Dzulo lake anali atakana phala, ati kuli anthu akumunong'oneza kuti amubise mwanayo asanabedwe.

Kwawo kwa Kizito kunali ku Mphunzi, ndipo kuno ku Lobi anali mkamwini chabe. Nyumba anamanga yekha, koma pa nthaka ya eni, ndipo pa nkhani zikuluzikulu mkamwini amafunsidwa pomaliza, ngati afunsidwa n'komwe. Atanena kuti Jesinta apite kuchipatala cha mishoni, apongozi ake, a Marita, anamuyankhira ali kuseri kwa nkhokwe, poti mwambo sunkawalola kuyang'anizana.

"Chipatala chanji? Mukufuna mwana wanga akamusiye ku Zomba? Taonani mmene mapazi ake atupiramo. Uwu ndi mdulo. Alipo amene wadumpha mwambo pakhomo pano."

Kizito anamva kumene muvi ukulunjika. Mkazi akabereka, mwamuna amayenera kudzisunga mpaka tsiku lotengera mwana kumphasa, ndipo akapita kwa mkazi wina, akuti amadula mkazi wake kapena khandalo. Tsoka ilo, Kizito ankapalasa njinga kukagulitsa kachewere ku Chimbiya, kumene kuli mabala ndi akazi odzola milomo. Kwa a Marita, umboni unali utakwana.

Masana ake a Ezara, malume ake a Jesinta komanso mwini mbumba, anakhazika Kizito pansi pa mtengo wa pichesi.

"Akamwini, sitikufuna kukuchititsani manyazi ayi. Tonsefe ndife amuna, ludzu timalidziwa. Ingoululani basi. Mukaulula tisakaniza mankhwala, amwa, mawa adzuka ali bwinobwino. Mukakana, mwana wathuyu mumupha ndinu."

"Malume, palibe chimene ndachita. Ndikhoza kulumbira nditagwira kolona."

"Kolona amagwira ndi akuba omwe," anatero a Ezara uku akufwenkha fodya.

Anakokanakokana choncho masiku angapo, Jesinta akunka naonda, khanda likuyamwa mwa apo ndi apo. Kizito sankakhazikika. Akakhala pansi ankadzuka, akafika kudimba ankabwerera asanathirire. Kumunyamula mkaziyo popanda chilolezo cha malume unali mlandu wothetsa ukwati. Pomaliza anapita yekha kwa a Ezara.

"Ndikavomera, mundilola kupita naye kuchipatala?"

"Mankhwala athu akakanika mupite naye. Koma sakanika."

"Chabwino. Ndinachita."

"Ehee! Dzina lake ndani?"

"Sindinamufunse dzina."

A Ezara anagwedeza mutu mokhutira. Anthu ndi odabwitsa: choonadi anachinena Kizito mpaka kukhosi kuuma, osamveka, koma bodza linafika kuchitsime dzuwa lisanapendeke. Zinamuwawa mtima kwambiri, koma anadzitonthoza kuti manyazi sapha munthu.

Anasakaniza mankhwala aja, Jesinta n'kumwetsedwa mokakamiza. Kunacha, kunada, kunachanso, osasintha. Kizito atawakumbutsa lonjezo lawo, a Ezara anamuyang'ana m'maso.

"Mankhwalawa sanama. Ngati sakugwira, ndiye kuti simunaulule zonse. Analipo angati?"

Apa m'pamene Kizito anazindikira kuti wadzikumbira yekha dzenje.

M'zaka zimenezo, amayi akaitanidwa kukaphunzira nyimbo ndi magule a msonkhano wa chipani, panalibe wokana. Tsiku lina m'mwezi wa Juni uthenga unabwera kuti amayi onse akakumane pabwalo la sukulu. A Marita anamanga chitseko cha Jesinta ndi luzi, n'kuthamangira komweko. Kizito pobwera kudimba anapeza luzi lili pansi, chitseko chili pululu. M'nyumba munalibe mayi, munalibe mwana.

Anathamangira kuchitsime, kulibe. Anasuzumira m'tchalitchi, mulibe. Nkhungu inali itatsika m'mapiri, mphepo ikulasa mpaka m'mafupa, koma iye thukuta lili kamukamu. Atafika kumapeto kwa minda anaona mpango wa Jesinta utakodwa pa minga, panjira yokwera kuphiri. Anakwera akuitana, akupunthwa, akuitananso. Anamupeza atakhala pamwala, wopanda nsapato, manja ali lendelende.

"Amake mwana, mwana ali kuti?"

Jesinta anamwetulira ngati munthu amene wamaliza ntchito yaikulu. "Ndamubisa. Samupezanso."

Kizito anafuna kumugwedeza, kumukalipira, koma anaona kuti m'maso mwa mkazi wakeyo mulibe nkhanza, muli mantha okhaokha. Anagwada pafupi naye.

"Wachita bwino. Tandionetsa ine ndekha, ndikuthandize kumulondera."

Jesinta anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza ndi mlomo kumphanga yaing'ono pansi pa thanthwe. Kizito anakwawa n'kuchotsa udzu umene unatseka pakhomo pake. Khanda linali mmenemo, lozizira ngati mwala womwewo, likulira ndi mawu osatuluka. Analilowetsa m'malaya mwake, pakhungu penipeni, n'kugwira Jesinta padzanja. Kumudzi sanadzereko. Anatsikira mbali ina ya phiri, molunjika kuchipatala cha mishoni.

Namwino amene anawalandira, a Monika, anali mayi wachikulire wosachedwa ndi mafunso. Anayamba ndi kufunditsa khanda, kenako anakhala pansi ndi Jesinta n'kumamulankhula mofatsa mpaka anavomera jakisoni. Pamene a Marita ndi a Ezara ankafika ali wefuwefu, a Marita akadali ndi nsalu yovinira m'chiuno, Jesinta anali m'tulo kwa nthawi yoyamba chiberekere.

"Mwanayu mukanachedwa naye pang'ono, bwenzi tikunena zina," anatero a Monika. "Mayiyu akudwala matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akangobereka. Thupi limasintha mwadzidzidzi, tulo timasowa, mutu n'kusokonezeka. Amamva mawu amene kulibe, ndipo kwa iye amakhala enieni. Sanafune kupha mwana ayi, amati akumupulumutsa."

"Koma amayi, si mdulo umenewu?" anafunsa a Marita. "Mapazi aja?"

"Mapazi amatupa kwa amayi ambiri, ndipo tiwapima. Matendawa ine ndawaona ngakhale kwa mayi amene mwamuna wake anamwalira mimba ili yaing'ono. Ameneyo anamudula ndani? Si tchimo la munthu, si ufiti. Ndi matenda ngati malungo, ndipo ali ndi mankhwala. Mawa timutumiza kwa dokotala ku boma. Ambiri amachira osafika ku Zomba, ndipo opita kumeneko amapita kukachira, amabwerako. Akabwera musamumange, musamuseke, musamusiye yekha ndi mwana mpaka atalimba. Mapiritsi azimwa ngakhale akuoneka bwino, ndipo akadzaimanso mudzatiuze msanga."

A Ezara anakhosomola. "Komatu mkamwiniyu anavomera yekha."

A Monika anatembenukira kwa Kizito. Iye anayankha maso ali pansi.

"Ndinavomera kuti mundilole kubwera naye kuno."

A Ezara anatulutsa kabotolo ka fodya, n'kukabwezanso m'thumba osatsegula.

Jesinta anabwerako ku boma nyemba zitauma m'minda. Ankagona, ankadya, ankayamwitsa, ndipo mwana, amene anamubatiza dzina loti Yohana, anayamba kunenepa masaya. Ena pamudzi ankamuthawabe, ana ena n'kumamuloza chala, koma a Marita anasanduka mkango, wonena mwana wawo kuti wamisala ankaona zakuda. Kizito anayamba kupuma bwino, poganiza kuti zatha.

Tsiku lina akumenya nyemba pabwalo, Jesinta anaika ndodo pansi.

"Bambo a Yohana, kuchitsime akuti ine ndinadwala chifukwa cha mkazi wa ku Chimbiya. Akuti munavomera nokha pamaso pa malume. Ndikufuna ndimve kwa inu. Ndi ndani?"

Munthu amene ananena kuti ayi, n'kudzanenanso kuti inde, angamukhulupirire ndani akabwerera ku ayi? Kizito anaona misozi ikulengeza m'maso mwa mkazi wake, ndipo anachita mantha kuposa tsiku la kuphiri lija, poopa kuti wamupulumutsa kuti amutaye.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kukhosomola. A Marita, amene chikwatire Kizito pamudzipo anali asanakhalepo naye maso ndi maso, anatuluka n'kudzakhala pansi patsogolo pake penipeni.

"Mwana wanga, mkazi wa ku Chimbiyayo kulibe. Tinamuumba ndife, ine ndi malume ako, n'kumuika m'kamwa mwa bambowa. Anasenza manyazi amene si awo kuti iwe ukaone chipatala, ife n'kuwamanabe." Kenako anayang'ana mkamwini wawo m'maso. "Bambo, ndinakulakwirani."

Anadzuka n'kutenga ndowa, ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza.

"Mukupita kuti, amayi?" anafunsa Jesinta.

"Kuchitsime. Kumene ndinakaitaya nkhaniyi n'kumene ndikaitole."

Phunziro: Munthu akasokonezeka maganizo, funso loyamba lisakhale lakuti walakwa ndani, koma lakuti chipatala chili kuti. Nthawi imene timataya posaka wolakwa ndi imene matenda amakulira, ndipo mlandu wopeka umatsala pakhomo ngakhale wodwala atachira. Mayi amene wangobereka akasiya kugona, akamalankhula zosamveka kapena kumva mawu amene ena sakuwamva, musamusiye yekha ndi khanda. Thamangirani naye kuchipatala, matendawa amachizika.