Zilambe Zouma

Jibe ankasenda chilazi pang'onopang'ono, ngati akuopa kuchipweteka. Chinali cha m'munda wa bambo ake, a Telkon, omwe anali atangoikidwa m'manda. Makoko ankagwera pa tsamba la nthochi. Pakhomo, bambo ake aang'ono, a Watas, anakhala pa chitsa moyang'anana ndi Molbua, mchimwene wake wa Jibe.

"Nsanja ikadali chilili," anatero a Watas. "Tsiku lomaliza maliro ukwere pamwamba penipeni, tikumange zilambe m'miyendo, udumphe chamutu. Chilumba chonse cha Pentekosite chidziwe kuti Telkon wasiya mwamuna."

"Nyengo yake yatha, bambo," Molbua anayankha chapansipansi. "Zilambe zauma. Zikhoza kuduka."

"Ha! Wayamba liti kudziwa zilambe iwe? Dzana lomweli unkathawa nkhanu pamtsinje, makutu ali pakupaku!"

Mayi a Jibe ndi Molbua anali pamphasa, atapakata malaya a malemu. "Alamu," anatero osadzutsa mutu, "akulu anu sankalola munthu kudumpha mvula ikatha."

"Za nsanja si za akazi, mlamu."

"Komatu makolo amati anayamba kudumpha ndi mkazi."

A Watas anafuna kuseka, koma kuseka kunakana. Anapukuta m'maso ndi chigongono.

"Azungu anabwera kuno, naonerera, napita. Lero akudumpha pa milatho kwawoko ndi zingwe za mphira, ati masewera awo atsopano. Ndani akutchula dzina la akulu anga? Munthu amene ankalowa m'nkhalango kusankhira aliyense chilambe chake, wonenepa chake, wowonda chake, popanda ndi mmodzi yemwe wothyoka khosi? Tingomukwirira basi, ngati mbewu yoola?"

Nkhumba inadutsa ikununkhiza makoko, Jibe osaiingitsa.

Molbua anayang'ana mapazi ake, kenaka phiri lomwe nsanja inaima.

"Chabwino. Ndidumpha. Bambo andione."

Mayi anakwirira nkhope m'malaya aja. Mpeni unaima m'dzanja la Jibe. Pamudzipo ankamuseka kuti mawu ake anatsalira m'mimba mwa mayi ake, ndipo ngakhale pamaliro analira mosamveka. Anaika chilazi pansi.

"Sakuonani, achimwene."

Onse anacheuka.

"Iwe, mwana iwe," a Watas anayamba.

"Pepani bambo, ndiloleni," anatero Jibe. "Tsiku lodumpha nonse mumayang'ana kumwamba. Ife akazi timavina m'munsi, tikuimba mluzu. Ine sindinkayang'ana kumwamba, ndinkayang'ana bambo. Akatha kumanga munthu miyendo ankatsika, n'kukaima kuseri kwa nsanja, atafulatira. Achimwene, chaka chatha mutatambasula manja pamwamba paja, bambo anagwira mtengo ndi manja awiri, maso ali tseke. Milomo inkangogwedera. Anatsegula maso atamva anthu akukuwa kuti mwadzuka."

Anapumira m'mwamba, misozi ikutsikira m'khosi.

"Sanaonepo kudumpha kwanu ndi kamodzi komwe. Chomwe ankadikira n'chakuti mudzuke. Ndiye inu mukufuna muwalemekeze ndi chilambe chouma? Ine manda achiwiri sindilira. Dikirani mvula."

A Watas anayang'ana kuphiri, kenaka anatambasula dzanja n'kugwira Molbua pa kakolo, mwamphamvu, osamusiya.